Kapu, Piyano ndi Galu

Lamulo la komiti ya Sabata ya Mafilimu linali losavuta kumva. Filimu iliyonse yofuna kuonetsedwa mu holo yaikulu imayamba yaonedwa ndi oweruza atatu. Woweruza aliyense amatchula chokoma chimodzi ndi chilema chimodzi. Mwini filimu amapita kukakonza zilemazo, ndipo akakonza m'pamene filimuyo imaloledwa kulowa. Akakana, amam'bwezera filimu yake kuti azikaonera ndi abale ake pa foni. Panalibe filimu imene inadutsapo yopanda chilema, chifukwa woweruza wosapeza chilema anthu akanam'funsa kuti mabisiketi a komiti amadyeranji.

Lumo amalidziwa bwino lamuloli. Dzinali anam'patsa anzake ku yunivesite chifukwa cha ntchito yake yodula ndi kulumikiza zithunzi za filimu, ndipo linakanirira mpaka amayi ake omwe amamuitana choncho. Amagwirira ntchito m'kachipinda kuseri kwa shopu yokonza mafiriji. Munali tebulo, kompyuta, mipando iwiri, ndi zenera limene anamatapo katoni kuti dzuwa lisamawale pa sikirini. M'menemo ndi mmene iye ndi mlongo wake wamkulu, mwini filimuyo, anakhala miyezi yambiri akukangana pa chithunzi chilichonse.

Filimuyo inali ya mtsikana wobwerera kwawo kukasamalira bambo ake odwala. Gawo la bambowo analisewera Bambo awo enieni a Lumo ndi mlongo wakeyo, telala amene sitiroko inawafoola dzanja lamanja. Bambo anamwalira filimu isanathe kulumikizidwa.

Panali malo amodzi okha amene awiriwa sanakanganepo. Tsiku lina ojambula ali kalikiliki kukonza magetsi, kamera inasiyidwa ikuyenda. Bambo anakhala m'mphepete mwa bedi n'kuyamba kumanga mabatani a malaya awo, malaya amene anasoka okha manja akadali awo. Wina anafuna kuwathandiza, iwo anam'kankha ndi chigongono. Batani lililonse linali nkhondo. Atafika pakhosi anapeza kuti limodzi latsala lopanda bowo, chifukwa anali atalumpha lachitatu. Anayang'ana pachifuwa, n'kumasula onse, n'kuyambiranso. Pomaliza anadzutsa mutu n'kuseka ndi mbali imodzi ya kamwa. Zonsezi zinatenga mphindi zinayi, popanda mawu, popanda nyimbo.

Amayi anakana kuonera chigawochi pa kompyuta. "Bambo anu sanali munthu wa m'kabokosi," anatero. "Ndidzawaonera pa chinsalu chachikulu, nditakhala pampando ngati munthu." Achemwali analonjeza kuti zidzaterodi.

"Adzawadula Bambo," anatero Lumo masana ena, kuonetsa filimu kwa komiti kutayandikira. "Munthu akulimbana ndi malaya nthawi yonseyi? Chilema chagona poyera chimenecho. Ngakhale woweruza wogona angachipunthwe."

"Akakhudza pamenepo ndichotsa filimu yonse."

"Ndiye Amayi mukawauza chiyani?"

Achemwali anatembenukira ku katoni ya pazenera. Kuseri kwa khoma wina amayesa injini ya firiji, imalira n'kusiya, kulira n'kusiya.

Lumo anali munthu woti ukam'patsa loko wopanda kiyi amasangalala kuposa ukam'patsa kiyi. Kuyambira ali pasukulu amawerenga ndi kumvetsera zonena za oweruza atatuwo, osati chifukwa chozikonda, koma monga mmene dokotala amayang'anira zithunzi za zotupa. Anali atazindikira kuti aliyense wa iwo ali ndi matenda ake amodzi amene sachira.

Woyamba anali Pulofesa, amene anaphunzitsa za mafilimu moyo wawo wonse osajambulapo ngakhale ukwati wa mnansi. Iwo maso awo anali pa zinthu zosintha malo, monga wotchi imene inali kudzanja lamanzere n'kupezeka kumanja. Wachiwiri anali Mayi a Pawailesi, amene Loweruka lililonse amadandaula za nyimbo zokakamiza anthu kulira. Wachitatu anali mtolankhani wotchedwa Nyenyezi Ziwiri, chifukwa mwa nyenyezi zisanu zimene amaloledwa kupereka sanapitirirepo ziwiri. Anthu amati ngakhale ukwati wake anaupatsa ziwiri. Iyeyu dandaulo lake linali limodzi: filimu yatsanzika kale koma yangoima pakhomo ngati mlendo wodikira kuti um'pemphe agone.

"Galu umam'ponyera fupa asanaone mwendo wako," anatero Lumo. "Aliyense amafunika chilema chimodzi basi. Tiyeni tiwapatse ife. Pulofesa tiwapatse kapu yosintha mtundu. Mayi aja tiwapatse nyimbo ya piyano yotsekemera ngati madzi a shuga. Nyenyezi Ziwiri tim'patse mathero achiwiri, opanda ntchito. Akatola nyambozo, ife tithokoza, tichotsa, Bambo atsala."

"Ukundiuza kuti ndithire zinyalala mu filimu yanga?"

"Zinyalala zobwereka, achemwali. Tibweza."

"Nanga akapanda kuziona?"

"Pulofesa angalephere kuona kapu? Munthu amene anaimitsa filimu ya mnzanga uja n'kunena kuti ntchentche ya pachithunzi choyamba si yomwe ili pachachiwiri?"

Achemwali anafwenthera kuseka, koma anakumbukira kuti akwiya.

"Iwe sukulu inakuononga."

"Munalipira ndinu."

Ntchitoyo Lumo anaigwira mosangalala mochititsa manyazi. Pa chigawo chimene mtsikana akukangana ndi bambo ake patebulo, anapaka kapu yofiira kuti ioneke yobiriwira, kenako yofiiranso. Pamene mtsikanayo wakhala m'basi akuyang'ana pazenera, anathirapo piyano yaulere ya pa intaneti, ya mtundu umene amaika pa mauthenga a tsiku lobadwa. Pamapeto, chitseko chitatsekedwa ndipo nkhani itatha, analumikizapo zithunzi zimene wojambula anatenga poyesa kamera: galu wowonda akununkhiza thumba la pulasitiki m'mbali mwa msewu, akulitembenuza, akulinunkhizanso, mpaka munthu kufuna kum'genda. Piyano itayamba kulira, Achemwali anatuluka panja. Lumo anatenga kutulukako ngati chilolezo.

Chipinda cha komiti chinali pamwamba pa maofesi ena a m'tauni. Munali fungo la kapeti imene inanyowa kalekale osauma. Fani ya kudenga imazungulira mwaulesi, ikusuntha fungolo kuchoka kwa wina kupita kwa wina. Mlembi wa komiti anawalozera awiriwo mipando ya kumbuyo n'kuwakumbutsa kuti mwini filimu salankhula kufikira oweruza atatuluka.

Nyenyezi Ziwiri anabwera ndi mtedza wokazinga m'thumba la jekete. Amaufikisa m'manja n'kuuzira makoko pansi. Mayi a Pawailesi anavula nsapato, n'kusanjika mapazi pampando wakutsogolo, n'kutulutsa foni. Pulofesa analowa filimu itapita kale patali.

"Pitirizani, pitirizani," anatero. "Chiyambi chilichonse ndimachidziwa."

Anakhala pafupi ndi tebulo la tiyi n'kuyamba kuviika mabisiketi m'kapu. Ina ikadukira momwemo amaivuula ndi chala.

Kapu ya pa sikirini itasanduka yobiriwira, chala cha Pulofesa chinaima m'mwamba chikudontha. Anafufuza cholembera. Lumo anagunda Achemwali ndi chigongono. Piyano itayamba, Mayi a Pawailesi anatsitsa foni n'kupendeketsa mutu. Lumo anagundanso. Zimayenda ngati masamu.

Kenako Bambo anaoneka, atakhala m'mphepete mwa bedi.

Foni ya Mayi a Pawailesi inakweranso. Nyenyezi Ziwiri anadzuka, n'kudutsa kutsogolo kwa makina oonetsera filimu, mthunzi wa mimba yake n'kuphimba Bambo kuyambira kumutu mpaka m'chiuno, n'kutuluka kupita kuchimbudzi. Pulofesa anathyola kamtengo ka machesi n'kuyamba kutokosa m'mano. Chimene atulutsa amachikweza kuti achione bwino pa kuwala kwa sikirini, pa nkhope ya Bambo penipeni, kenako n'kuchibwezera m'kamwa. Lumo anayang'ana kumbali. Anadzitonthoza kuti zili bwino choncho, chifukwa chimene sanachione sangachidule. Nyenyezi Ziwiri anabwerera akupukuta manja m'thalauza, Bambo ali pakati pomanga kachiwiri.

Chitseko cha mu filimu chitatsekedwa, onse atatu anayamba kudzuka. Mayi a Pawailesi anali atavala kale nsapato imodzi pamene galu anatulukira. Anakhalanso pansi, n'kumuonera galuyo mpaka pamapeto, mwachidwi chimene sanachipereke kwa munthu aliyense mu filimuyo.

Mlembi anayatsa magetsi. "Monga mwa nthawi zonse, akuluakulu, tiyamba ndi zokoma."

Apa ndi pamene Lumo anazindikira pamene analakwitsa. Zaka zonsezo amathamangira kuwerenga zilema, poti ndi pamene pamakhala magazi. Sanaganizepo kuti zokoma ndizo zimayamba kufunsidwa. Ndipo anthu atatuwa, mu filimu yonseyi, anali ataona zinthu zitatu zokha.

"Kapu," anatero Pulofesa, akunyambita chala. "Mwana wanga, kapu ija. Mtsikana akuyamba kulankhula ali ndi ukali, kapu ndi yofiira. Mtima ukufewa, kapu yabiriwira. Ukali ukubwerera, kapu nayo yabwerera. Zotere sizichitika mwangozi. Ndakhala ndikuphunzitsa zimenezi mpaka imvi, ana osamva. Lero ndapeza mmodzi womva."

Mayi a Pawailesi anayang'ana Pulofesa ngati munthu amene wam'landa mpando m'basi. Sakanalola kuti aoneke osazama.

"Ine mukundidziwa, nyimbo zokakamiza misozi sindigwirizana nazo. Koma iyi ndi ina. Iyi ikudziwa kuti ikukakamiza. Ikutiseka ife olirafe, ndipo tikuliranso chifukwa chosekedwa. Kumeneko ndiye kulimba mtima. Piyano imeneyo isachoke."

Nyenyezi Ziwiri anatsamira kumbuyo, n'kuponya mtedza m'kamwa, n'kulankhula akutafuna.

"Anzanga aona zapamwamba. Galu uja ndi ife tonse. Nkhani yatha, anthu atseka chitseko, koma moyo ukupitirira kununkhiza thumba lopanda kanthu. Ndaonera mafilimu ambiri osadziwa potha. Iyi ikudziwa potha, ndipo ikupitirira dala. Wokhudza galu ameneyu ayambana ndi ine."

"Zikomo, akuluakulu," anatero mlembi. "Tsopano zilema."

Pulofesa anayang'ana pepala lawo, pamene panali liwu limodzi lokha, ndipo anali atalidya kale. Mayi a Pawailesi anayang'ana foni. Aliyense amafufuza m'mutu chinthu china chimene akukumbukira, ndipo chimene onse amakumbukira chinali nthawi imene anatopa.

"Pakati paja," anayamba Pulofesa pang'onopang'ono, "pali malo amene filimu imakhala pansi n'kuiwala kudzuka. Mdala uja ndi malaya ake."

"Eyaa!" anatero Mayi a Pawailesi, nkhope itamasuka. "Mwandilanda m'kamwa. Ndipo akukokomeza. Ine ndinali ndi amalume anga a sitiroko, samanjenjemera choncho. Uyu akunjenjemera ngati akufuna mphoto."

"Ine ndinatuluka, n'kubwera, ndinam'peza akadali pa batani lomwelo," anatero Nyenyezi Ziwiri. "Kumeneko ndi kusalemekeza woonera. Mum'jambulenso mwachidule, kapena mupeze wina wodziwa kusewera. Madala odziwa kumanga malaya atha m'tauni muno?"

"Anamwalira," anatero Achemwali.

"Mwini filimu salankhula," anatero mlembi.

"Aa, pepani," anatero Mayi a Pawailesi, akuwerama kufuna nsapato yachiwiri pansi pa mpando. "Pepani kwambiri. Komabe zapepuka. Mukam'dula sadzadandaula."

Anagwirizana mwachangu, ngati anthu amene apeza basi imodzi yopita kwawo onse. Zilema zitatu zinasanduka chimodzi: chigawo cha mabatani chichoke chonse. Ali pakhomo, Nyenyezi Ziwiri anasisita Lumo paphewa, n'kusiyapo zala za mafuta.

"Mukadula mungopereka kwa mlembi, achimwene. Ife sitiitanidwa kawiri. Diso loyamba silinama, lachiwiri limayamba chifundo. Tikaonana ku holo, kumene tikapereke nyenyezi."

Achemwali anatsika masitepe mpaka pansi. Pamsewu anaima pafupi ndi ngalande, n'kutembenuka.

"Wakola, m'bale wanga. Nyambo zitatu, wakola Bambo."

"Achemwali, ine ndimaganiza kuti..."

"Umaganiza! Ndiyo ntchito yako imeneyo, kuganiza. Wanzeru iwe, wa digiri iwe. Tsopano ndili ndi filimu ya galu. Ndikawakhazike Amayi mu holo kuti aonere galu akununkhiza pulasitiki, ndi piyano ya pa tsiku lobadwa?"

Lumo anayang'ana m'ngalandemo. Munali madzi obiriwira, ndi thumba la pulasitiki likuyandama.

Kunyumba anapeza Amayi akusita diresi la buluu limene anawasokera Bambo, loti anali asanalivalenso chichitikire maliro. Tsiku linali lisanafike, koma iwo amalisita kale n'kulipachika, n'kulitsitsa, n'kulisitanso.

"Akuti bwanji akuluakuluwo?" anafunsa osadzutsa mutu.

"Akonda galu," anatero Achemwali.

"Galu wake uti?"

"Ndi nkhani yaitali, Amayi."

"Nanga bambo anu awaona?"

"Anali m'chipinda momwemo," anatero Lumo. Ndi chokhacho choona chimene anachipeza.

M'mawa mwake Achemwali anafika kuseri kwa shopu ya mafiriji maso ali otupa. Anati apita kukauza mlembi kuti filimu yachoka, ndipo Amayi awauza okha madzulo. Lumo anali atakhala kale pa kompyuta. Pa sikirini anaika zigawo ziwiri moyandikana, Bambo kumanzere, galu kumanja.

"Musananditukwane, tayang'anani kutalika kwake."

Achemwali anawerama. Galu ndi Bambo anali ofanana kutalika, kusiyana pang'ono chabe.

"Munamumva yekha Nyenyezi Ziwiri, oweruza sawonera kawiri," anatero Lumo. "Wotsala ndi mlembi. Mlembi uja mukuganiza kuti angakhale pansi kuonera filimu yonse popanda mabisiketi? Ayang'ana ngati yafupika. Tichotse galu, Bambo atsale."

"Nanga ku holo? Akhala kutsogolo, atatu onse."

"Pamenepo ndiye sindikudziwa. Akazindikira angathe kuimitsa filimu pakati, Amayi ali pompo. Ndipo ku komiti imeneyi simudzapondakonso. Ndiye ndimati kapu ndi piyano tizisiye, kuti azikhala otanganidwa."

Achemwali anakhala pansi. Anamuuza kuti ayendetse chigawo cha Bambo, ndipo anachionera chonse, kuyambira batani loyamba mpaka kuseka kwa mbali imodzi.

"Chotsa galu," anatero. "Chotsa piyano. Kapu ibwerere kufiira, ikhale yofiira mpaka kumapeto ngati kapu ya anthu."

"Koma achemwali, popanda nyambo..."

"Nyambo zako ndakhuta nazo. Ngati atithamangitse, atithamangitse ndi filimu yanga, osati yako."

Ku komiti anakam'peza mlembi akudya buledi pa desiki. Mlembiyo analowetsa filimu mu kompyuta ndi dzanja limodzi, n'kuyang'ana kanambala ka pakona, n'kugwedeza mutu.

"Yafupikadi. Inu ndinu omvera. Ena amabwera kudzalira muno ngati tawadula chala."

Filimu inaonetsedwa Loweruka masana. Holo inadzaza, ena anaima m'mbali mwa khoma. Amayi anakhala pambali pa ana awo, chikwama chili pamiyendo, diresi la buluu lili ndi mizere yakuthwa ngati mpeni. Lumo sanayang'ane chinsalu. Maso ake anali pa mitu itatu ya pamzere wakutsogolo: dazi la Pulofesa, wigi ya Mayi a Pawailesi, ndi khosi lonenepa la Nyenyezi Ziwiri limene limagwedera potafuna.

Kapu inadutsa ili yofiira. Dazi silinasunthe. Basi inadutsa popanda piyano, phokoso la injini lokha. Pansi pa wigi pamawala foni.

Ndiye Bambo anaoneka, aakulu kuposa mmene analili ali moyo, chala chilichonse ngati mkono wa munthu. Amayi anapuma mokoka n'kukumbatira chikwama. Mu holo munali manong'onong'o, kenako anatha. Batani loyamba linalowa. Lachiwiri linavuta, linatuluka, linalowanso. Dzanja litalumpha bowo lachitatu, mayi wina kumbuyo anakuwa.

"Mwalumpha, bambo! Mwalumpha!"

Anthu anaseka, koma kusekako kunazima msanga. Bambo atafika pakhosi n'kupeza batani lopanda bowo, holo yonse inabuula ngati munthu mmodzi. Atayamba kumasula, mwamuna wina pafupi ndi Lumo anagwira malaya ake pachifuwa osadziwa.

Khosi la Nyenyezi Ziwiri linasiya kugwedera. Linatembenukira kwa Pulofesa. Dazi linapendekera kwa wigi. Lumo anaona mlembi ataima pafupi ndi khomo la kachipinda ka makina, akuyang'ana kwa oweruza, kudikira dzanja loti likwezedwe. Achemwali anatsina Lumo pantchafu mpaka kuwawa.

Nyenyezi Ziwiri sanakweze dzanja. Anatembenuka kwathunthu pampando, chinsalu n'kuchisiya kumbuyo, n'kuyamba kuyang'ana anthu. Anayang'ana mzere ndi mzere, nkhope ndi nkhope, ngati wogula amene akufuna adziwe kaye mtengo asananene kuti katundu ndi wabwino. Bambo atamanga batani lomaliza n'kuseka, holo inaphulika ndi m'manja. Nyenyezi Ziwiri anatembenukira kutsogolo msangamsanga n'kuyamba kuomba, manja atakweza pamwamba pa mutu kuti a kumbuyo aone. Amayi sanaombe. Misozi imatsikira pa diresi, ndipo sanaipukute.

Filimu isanathe, oweruza ananyamuka chowerama kupita kuseri kwa nsanja kukakonzekera zolankhula. Chitseko cha mu filimu chinatsekedwa iwo kulibe. Magetsi atayaka anatulukira, aliyense ndi kapepala kake ka tsiku lija.

Pulofesa anafotokoza za kapu, mmene imasinthira kuchoka kufiira kupita kubiriwira potsata mtima wa mtsikana. Anthu anayang'anana. Ena, makamaka ovala mataye, anagwedeza mitu kusonyeza kuti iwo anaziona. Mayi a Pawailesi anati piyano ya m'basi yawalizanso kachiwiri, n'kugwira pakona pa diso ndi chala. Nyenyezi Ziwiri anatenga maiki pomaliza. Ananena za galu amene ndi ife tonse, ndipo ovala mataye anagwedezanso mitu. Kenako anapinda kapepalako.

"Koma ndikuuzeni chinsinsi cha ntchito yathu. Chigawo cha mdala chimene mwachiombera m'manjachi, pamene chinabwera kwa ife chinali chotopetsa. Chinali chachitali, chokokomeza. Ine ndinachita kutuluka. Tinawauza ana awa kuti, dulani apa, finyani apa. Anamvera. Taonani lero mmene chikulumira! Anthu amatinena kuti timangodya mabisiketi. Ntchito yathu ndi imeneyi, kutenga mwala n'kuusema. Filimu iyi ndikuipatsa nyenyezi zitatu."

Holo inachita phokoso, chifukwa zitatu zinali zisanamvekepo. Anthu anatembenukira kwa Achemwali akuomba m'manja. Achemwali anaimirira, n'kuwerama pang'ono, nkhope ili ngati ya munthu amene waponda chinthu chofewa ndipo sakufuna kuyang'ana pansi pa nsapato.

Potuluka, Nyenyezi Ziwiri anawatsekera njira pakhomo. Anaona diresi la buluu ndi maso ofiira, n'kugwira dzanja la Amayi ndi manja ake onse awiri.

"Mayi, mwakhudzidwa, ndikuona. Mdala uja mumam'dziwa?"

"Ndi amuna anga."

"Oo! Ndiye mwaona mmene tawakonzera? Mukanawaona poyamba, mayi, simukanawazindikira."

Lumo anatsegula pakamwa. Achemwali anam'ponda phazi. Amayi anayang'ana munthuyo kuyambira pa kakhoko ka mtedza kamene kanamatirira pamlomo wake mpaka pa jekete.

"Zikomo, bambo," anatero. "Batani lanu lachiwiri latsala pang'ono kugwa."

Panja dzuwa linali likadali lowala. Anaima pa masitepe kudikira kuti anthu achepe. Amayi anatsegula chikwama, n'kutulutsa kampango koyera, n'kuyamba kupukuta dzanja, chala chimodzichimodzi, ndi pakati pa zala pomwe.

"Bambo anu ndawaona," anatero. "Ndawaona bwinobwino. Mwachita bwino, ana inu." Anapukutanso chikhatho. "Koma galuyo ine sindinamuone. Kapena anadutsa pamene ndimalira?"

"Ndi Lumo amene amadziwa za agalu," anatero Achemwali. "Akufotokozerani m'basi."

Amayi ananunkhiza kampangoko, n'kukwinya nkhope. Anayang'ana uku ndi uku mpaka anaona bini pafupi ndi geti. Anatsika masitepe mosamala kuti diresi lisakhwinyate, n'kukaponyamo.